Chibanga Chakuda pa Sikirini

"Pulogalamu yanuyi yatitopetsa!" adokotala a maso anakalipa pafoni. "Zilembo zikuoneka mwachimbuuzi, pakati pali chibanga chakuda. Odwala adzaza panjapa!"

"Pepani adokotala," anatero mayi wa kukampani yomwe inawagulitsa pulogalamuyo. "Tajambulani sikiriniyo mutitumizire."

Nesi anawathandiza kudina mabatani, chithunzi n'kupita. Posakhalitsa mayi uja anaimbanso.

"Adokotala, chithunzichi chili bwinobwino. Chibangacho mukuchiona pati?"

"Apa! Kodi anthu inu mulibe maso?" Analoza pakati penipeni pa sikirini.

Nesi anasuzumira pomwe ankalozapo.

"Auzeni, asisi," adokotala anatero akucheukira kwa nesiyo. Chibanga chija chinali chitasamukira pankhope ya nesi.