Loko Wabuluu wa a Kanyamula

Uthenga unalowa Lamulungu masana, a Bryson Kanyamula atangovula jekete la kutchalitchi n'kukhala pakhonde. Anavala magalasi, nauwerenga mofatsa. Mtengo wa pulogalamu yosungira mapasiwedi unali utakweranso, ndipo mlandu, monga kale, unali wa dola.

A Kanyamula anali kalaliki wa kopaletivi ya alimi a fodya pa Malomo, ndipo dera lonselo linalibe munthu wotetezeka ngati iwo. Anzawo ankaika chaka chobadwa ngati pasiwedi, ena dzina la mwana. Iwo ayi. Mapasiwedi awo anali aatali, opiringizika ngati zolankhula za munthu wamalungo, moti eni akewo sankawadziwa n'komwe. Onse ankagona m'pulogalamu ya chizindikiro cha loko wabuluu, imene mlamu wawo Solomoni, mchimwene wa akazi awo wokonza mafoni ku Dzaleka, anawaikira chaka cha dzana. Solomoniyo ndiye anawapatsanso nambala ya nthambi ya kampaniyo kuno ku Malawi, yotumizirako ndalama mwezi ndi mwezi. Akatumiza, pafoni pankatuluka dzina lachizungu lopatsa ulemu, ndipo mtima wawo unkakhala m'malo.

Chuma chimene lokoyo ankalondera chinali chachikulu ndithu: imelo yolandira zidziwitso za misonkhano, tsamba la Fesibuku lokhala ndi chithunzi chawo atavala taye, ndi akaunti ya kubanki imene inkaona ndalama fodya akagulitsidwa, kenaka n'kusala kudya mpaka chaka chamawa.

Akazi awo, a Eleanor, anatuluka ndi kapu ya tiyi. Anangoyang'ana nkhope ya amuna awo n'kudziwa.

"Akwezanso, bambo a Chiko?"

"Pang'ono chabe."

"Pang'ono pang'onopo tsokonombwe anatha mtunda. Ndimamva kuti ena amagwiritsa ntchito yaulere, ndipo sanafe."

A Kanyamula anaseka kuseka kwa munthu wophunzira amene wafunsidwa funso la mwana. "Zaulere, mayi a Chiko, n'za anthu opanda chobisa. Mlonda wosalipidwa ndiye amatsegulira akuba. Izi n'zinthu za luso, zisiyeni."

A Eleanor anazisiyadi, n'kubwerera kukhichini. Anali atazolowera. M'nyumba imeneyo aliyense ankadziwa kuti ndalama ya a Kanyamula situluka wamba. Ukapempha ya sopo, unkalandira ulaliki wa kusamala. Ukatchula fizi ya Chiko, mwana wawo wa ku sekondale, yankho linali lakuti tione kaye mwezi wamawa. Denga la chipinda chogona linkadontha chaka chachitatu, ndipo njira imene bambo anapeza inali yosuntha bedi. Koma kampani ya loko wabuluu sinadikirepo ngakhale tsiku limodzi. Azungu sasungidwa pamzere.

Komabe ulendo uno mtengowo unawaluma. Malipiro a kukopaletivi anali atachedwa, ndipo m'foni munatsala ndalama yongokwanira mafuta a njinga yamoto. Anaganiza zosiya kulipira, koma anauwerenganso uthenga uja. Uthengawo unanena mosabisa kuti wosalipira amutsekera. Akawatsekera, alowa bwanji ku banki? Akauza chiyani akuluakulu a kopaletivi, iwo amene anaima pamsonkhano n'kunyoza msungichuma pamaso pa alimi chifukwa choika dzina la mbuzi yake ngati pasiwedi? Malomo yense akawaseka mpaka kukolola.

Anakhala pakhondepo mpaka tiyi kuzizira. Anayesa kukumbukira pasiwedi imodzi yokha, ya kubanki, nakumbukira kuti imayamba ndi chilembo chachikulu, basi. Apo m'pamene anazindikira kuti loko wabwino amatsekera kunja wakuba ndi mwini nyumba yemwe.

Panatsala njira imodzi, yochititsa manyazi: kudandaula. Sanaimbirepo nambala ija chiyambire, poti makampani aakulu savutitsidwa ndi mafoni. Koma kasitomala wokhulupirika ngati iwo, wosaphonya mwezi, angamukanize kuchotserako pang'ono?

Anasuzumira pakhomo kuti aone ngati akazi awo ali kutali. Mwamuna sapempha chifundo mkazi wake akumva. Anazungulira kuseri kwa nyumba, naima pansi pa zenera la khichini pomwe netiweki imagwira bwino. Anakonza kukhosi, nayeserera Chingelezi chawo chapamtima, chija amasungira alendo ochokera ku Lilongwe. Anakonzanso kolala, ngati kuti akuwaona. Kenaka anaimba.

Foni inalowa. Pomwepo m'khichini, pamwamba pa mutu wawo, kafoni kena kanayamba kulira. A Kanyamula anakwiya ndi phokosolo, natseka khutu linalo ndi chala. Munthu akulankhula ndi kampani, ena akusokosera! Kulira kuja kunasiya, ndipo wina anayankha. Mawuwo anawamva kawiri, m'foni ndi pazenera.

"Halo, kasitomala wathu wokondedwa," anatero a Eleanor, osakweza mawu. "Mtengo sutsika. Pulogalamuyo ndi yaulere chiyambire, koma kuyendetsa nyumba ino si kwaulere. Mutumize lisanathe Lachisanu."