Ulusi Utatu Pamkono pa a Kadzuwa

Chichotsereni zilembo m'masiteshoni, chitseko cha sitima chimatsegukira yekhayo amene wavala mtundu wa njanji yake. Choncho m'mawa umenewo Nachanza anakhazika amuna ake, a Kadzuwa, pakhonde n'kuyamba kuwamanga ulusi pamkono.

"Wobiriwirawu ukufikitsani ku Salima. Kumeneko mukakwere yachikasu mpaka pamene ikakumane ndi yofiira. Wofiirawu ukakutulani ku Chitipa, kwa mwana wathu. Khanda lake akulibatiza mawa, ndiye musakasochere ngati muja munachitira pa maliro a achimwene anu."

A Kadzuwa anasisita ulusiwo pamkono. Kusukulu sanapondeko, ndipo moyo wawo wonse ankachita kupempha anthu kuti awawerengere zikwangwani.

Pasiteshoni anapeza khoma lonse likuwala. Njanji zonse za m'dziko zinali pamenepo, iliyonse ndi mtundu wake, zitayala ngati mitsempha ya tsamba. Anayang'ana pamkono, anayang'ana pakhoma, natsata ndi chala mpaka pamene wofiira unathera. Anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Pepani bambo," anatero mwamuna wina wovala tayi, thukuta lili kamukamu, "yopita ku Nsanje ndi iti?"

A Kadzuwa anacheuka kuti aone amene akufunsidwayo. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu.