Mayina 412 Amene Sanafike ku Fakitale

Panali munthu wina dzina lake Raphael, kalaliki wa bungwe la alimi a tiyi ku Masambanjati. Fakitale yogula masamba awo inalamula kuti alimi onse alembetsedwe pa webusaiti yake pofika Lachisanu. Wosalembetsedwa, lole sidzamunyamulira masamba chaka chonse.

Alimiwo analipo 412. Raphael, poti anaphunzirako kompyuta, anati kulemba dzina limodzilimodzi n'zachikale. Anapanga sikiripiti, kapulogalamu kolemba ndi kudina kokha pa webusaiti. Koma itangoyamba inaima, ati bokosi lolembamo dzina sikulipeza.

Anaimbira foni Mildred, amene anaphunzira naye limodzi kompyuta, n'kumufotokozera vutolo.

"Achimwene, fomu yolembetserayo ili mu fulemu, tsamba lina lolowetsedwa m'kati mwa tsamba," anatero Mildred. "Ndipo mafulemuwo alipo awiri, ina m'kati mwa inzake. Sikiripiti ilowe yoyamba, kenako yachiwiri. Mukamaliza mutsegule list, mndandanda wa mayina olembetsedwa, muone ndi maso anu."

"Iwe, bokosilo ndikuliona pompano!"

"Mukuliona ndinu. Sikiripitiyo ikadali panja."

Raphael analowetsa sikiripiti mu fulemu yoyamba yokha. Inakananso. Apa ndiye anachita zopusa zenizeni: anaiuza kuti ikasowa chinthu isamadandaule, izingopitirira. Pa mphindi zitatu zokha inalemba kuti "Zatheka" ka 412. Mkuluyo anatseka laputopu osaona list, n'kupita kukadya kanyenya uku akudzitama.

Lolemba m'mawa alimi anathyola masamba n'kusenza kupita poyezera. Lole inafika. Woyeza anayang'ana pa foni yake n'kupukusa mutu.

"Mulibemo dzina ngakhale limodzi."

Mayi Alesi, amasiye olera zidzukulu zinayi, anamugwira mkono Raphael. "Abwana, si munati zatheka? Ndiye masambawa tiphike ndiwo?"

Lole inabwerera yopanda kanthu, ndipo pofika madzulo masamba anali atapsa m'matumba. Raphael anakagwada ku fakitale, koma akumeneko anamuuza kuti kaundula anatsekedwa, malo awo apatsa kale alimi ena. Sabata yomweyo Raphael anasowa, mpaka lero foni yake sikupezeka.

Chimene chimandiwawa ine ndi Mayi Alesi. Tiyi ukasiya kumuthyola amatalika n'kuwonongeka. Ndiye mayiwo amalawirirabe kumunda, kuthyola masamba abwinobwino n'kumataya pansi.

Phunziro: Sikiripiti ikati chinthu sikuchipeza, musaitseke pakamwa. Lowani fulemu ndi fulemu, kenako onani ndi maso anu kuti mayina alowadi. Tumizani uthengawu kwa aliyense wodina kompyuta m'malo mwa anthu osauka.