Kochi Wofatsa

"Ameneyo angomumenya khofi!" Saulosi anakuwa, akuloza TV kunyumba kwa mlamu wake Greyson ku Wheaton, ku America. Kotabaki, mnyamata woponya mpira m'timu ya pakoleji yomwe ankaikonda, anali ataponyeranso adani, koma kochi anangomusisita paphewa.

"Kochi wabwino amalangiza mofatsa," Greyson anayankha. "Nkhanza siziphunzitsa munthu."

"N'chifukwa chake ana anu amakuyankhani ngati mnzawo, alamu."

Chibakera cha Greyson Saulosi sanachione. Anangopezeka ali chagada pa tebulo lothyoka, magazi ali chuchuchu, dzino lili pakapeti.

Greyson anamuimirira kumutu, ali wefuwefu. "Ndati mofatsa! Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Chifikireni ku America mu 1992, Saulosi anali asanamvepo phunziro msanga chonchi.