Bwalo Loyera la Nkhanga

Padangokhalatu Thadzi ndi Nkhanga, nyumba zawo zoyang'anizana. Bwalo la Nkhanga linkakhala losesa mpaka mizere ya tsache kumaoneka, khonde lozira bwino, mbale zili ngwee pathandala. Kwa Thadzi kunali chipwirikiti. Akasesa uku, anapiye apalasa uko. Akatsuka mbale, kamwanapiye kalowamo ndi matope.

Thadzi ankasuzumira pampanda mtima ukumuwawa. "Kodi mnzangayu ali ndi manja angati? Ngakhale chitenje chake chamadontho chija sichida!"

Tsiku lina Nkhanga anadutsa monyang'wa. "Amake ana, kodi tsache linasowa? Ndikubwerekeni langa?"

Thadzi anapsa mtima. Kutacha anathamangitsira anapiye kutchire. "Musabwere mpaka ndimalize!" Anasesa, anazira, anakwecha miphika, pakhomo mpaka kuwala kuposa kwa Nkhanga. Asanapume n'komwe, anamva ana akukuwa kuti kabawi wafika. Anathamanga nthenga zili nyankhalala n'kuwafungatira onse. Powayang'ana ngati avulala, anaona kuti ena ayamba kumera timadontho toyera.

Anawatengera kwa Nkhanga. "Anzanga, ana awa ndi ayani?"

Nkhanga anayang'ana pansi. "Ndi anga. Ndinakuikirani mazira m'chisa mwanu. Ana amadetsa pakhomo."

"Ohoo! Ndiye ndakhala ndikusirira bwalo loyera chifukwa cha msana wanga womwe?" Thadzi anatembenukira anapiye onse. "Lowani ananu, kuno n'kwanu. Palasani!"

Mpake mpaka lero nkhuku ikaona pamene pasesedwa bwino, imafika ndi ana ake onse n'kuyamba kupalasa.