Sitata Yokana Kulira pa Doko la Hout Bay

Panali munthu wina ku Cape Town, Bambo Zacharia Kamwendo a ku Ntcheu, ndipo mkulu wawo pa ntchito anali Che Wahabu Mdoka a ku Machinga. Amene anatiuza nkhaniyi akuti inachitika mu 2014, pa doko la Hout Bay.

A Zacharia anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuyendera maganyu a m'gadeni, lero uku mawa uko. Che Wahabu ndiwo anawalankhulira kwa bwana wawo, mzungu wina wa boti lotengera anthu kokawedza. Bwanayo anati, "Ndimuyesa mwezi umodzi. Akachita bwino, ntchito ndi yake." Kwa munthu wamaganyu, ntchito yokhazikika si yoseweretsa.

Sabata yachitatu awiriwa anachotsa injini yakale m'botimo n'kuikamo ina. Che Wahabu anali munthu wadongosolo. Waya aliyense, asanamumasule, ankamumata tepi n'kulembapo nambala. A Zacharia zinkawaseketsa.

"Madala, ine ndakhala zaka zinayi m'galaja ya maminibasi ku Limbe. Waya timamudziwa ndi fungo."

"Minibasi ikafa mumatsika n'kukankha, achimwene," anayankha Che Wahabu. "Nanga ili likafa pakati pa nyanja, mukankha ndi ndani? Nsomba?"

Lachisanu m'mawa zonse zinali m'malo mwake. Anapotoza kiyi. Zii.

Che Wahabu sanapupulume. Anayambira ku batire, n'kupeza kuti ndi lodzaza. Anatsata waya wakuda wonenepa mpaka pamene wamangidwa pa injini, n'kupeza kuti wakhala pamwamba pa penti. Anapala pentiyo mpaka chitsulo kuwala, n'kumanganso. Anapotoza kiyi. Zii ndithu. Kenako anatenga kanyali koyesera magetsi n'kumagusa waya mmodzimmodzi. Moto unkatuluka ku kiyi, koma ku sitata sunkafika. Unkathera pa kaswichi kena kali pa giyabokosi.

"Aka ndi kamlonda," anatero Che Wahabu. "Boti likakhala mu giya, kamakaniza sitata kulira. Mwina kafa. Mwinanso kakunena zoona, poti chingwe cha giya tinachisuntha dzulo."

"Koma ndodo ya giya ili pakati, madala. Mwaiona nokha."

"Ndodo ili pakati, inde. Nanga m'giyabokosimo mwalowamo? Nthawi ya swala yakwana, ndikupita ku mzikiti. Musakhudze kanthu. Ndikabwera tiyamba ndi chingwecho."

A Zacharia anatsala okha, ndipo bwana anali atanena kuti afika 2 koloko kudzamva injini yake. Munthuyu sanali waulesi kapena wakuba. Chinamulowa mumtima ndi kufuna kuonedwa. Ankati, bwana akapeza boti lili zii, andiona ngati wonyamula sipanala basi. Koma akapeza injini ikulira, madala kulibe, mwezi woyesawu wathera pomwepo.

Anatenga sikuludiraiva n'kutsikira m'chipinda cha injini. Ku Limbe ankatero m'mawa uliwonse: kugusitsa mabawuti awiri a pa sitata, moto n'kudumpha maswichi onse, minibasi n'kulira. Chimene anaiwala n'chakuti ku Limbe pampando pamakhala dalaivala, phazi lili pa buleki. Apa pamwamba panalibe munthu.

Anagusitsa. Moto unathetheka, injini inabangula, ndipo boti linalumpha chifukwa linalidi mu giya. Chingwe cha kumbuyo chomangira boti pa doko chinaduka. A Zacharia anagwa chagada pakati pa mapaipi. Pamene ankadzuka, kukwera makwerero n'kukazimitsa, mphuno ya boti inali itamenya kale khoma la doko n'kung'ambika. Anthu otumbula nsomba anathawa, mipeni ili m'manja. Mulungu yekha ndiye anachititsa kuti pakati pa boti ndi khoma pasakhale mwendo wa munthu.

Bwana ndi Che Wahabu anafika pafupifupi nthawi imodzi. Bwanayo anayang'ana mng'aluwo nthawi yaitali, kenako anatembenukira Che Wahabu.

"Mawaya munalumikiza ndinu. Munthuyu munabwera naye ndinu. Nonse awiri muchoke."

Che Wahabu sanadziteteze. Anatsikira ku injini, n'kuona mabawuti awiri aja atada ndi kupsa. Anakwera, n'kuima duu, maso ali pa a Zacharia. Anali atagwira pa botilo zaka khumi ndi chimodzi.

A Zacharia anavula kapusi.

"Bwana, madalawa anandiletsa. Anati ndisakhudze. Ndine ndadumphitsa moto ndi sikuludiraiva iwo ali kokapemphera."

Bwana anagamula pomwepo. Che Wahabu atsale pa ntchito, koma asadzabweretsenso munthu wina wa kwawo pa botilo. A Zacharia achoke tsiku lomwelo. Che Wahabu anayamba kuwapepesera, akuti munthu wovomera yekha ndi wosowa masiku ano. A Zacharia anawagwira mkono.

"Musandipepesere, madala. Ndatsekera ndi anzanga omwe khomo. Chigamulochi n'cholungama."

Che Wahabu anachilandira ndi chisoni. A Zacharia anachilandira osawiringula, n'kubweza ovolosi.

Phunziro: Chinthu chikakana kuyenda, funsani kaye chimene chikukanira musanachikakamize. Luso la kumene munachokera silikupatsani ufulu wodumpha malangizo a amene mwamupeza pa ntchito, ndipo kuno kunja kupupuluma kwa mmodzi kumatsekera anthu ambiri. Mukalakwa, vomerani msanga mnzanu asanasenze mlandu wanu. Tumizani nkhaniyi kwa abale amene angoyamba kumene ntchito, aiwerenge asanagwire chida.