Alendo a Pamalire

"Zimitsa injini," anatero mkulu wa sitima yolondera gombe, dzina lake Si Mounir.

Lotfi, woyendetsa sitimayo, anazengereza. "Bwana, bwato lamphira lija likulowa madzi. Muli anthu oposa makumi atatu, ena ndi ana."

"Maso ndili nawo. Taona pa mapu apa. Kwatsala mamita mazana atatu kuti alowe m'madzi a dziko la anzathuwo. Mphepo iwakankhira komweko. Tikawatola ife, ndikhalira kulemba mapepala sabata yathunthu. Thira tiyi."

Dzuwa linali paliwombo. Anthu a m'bwatomo, omwe ankathawira ku Ulaya, ankakupiza malaya. Mayi wina anatukula khanda m'mwamba kuti asilikaliwo alione.

Wayilesi inalira. Anali Hadj Faraj, mkulu wa sitima ya dziko loyandikana ndi lawo, yomwe inaima tsidya la malire.

"M'bale wanga Si Mounir! Alendo anuwo simuwalandira?"

"Akubwera kwanu, Hadj. Yalani mkeka!"

"Mulungu akalola," anaseka Hadj Faraj.

Sitima ya Hadj Faraj inadutsa mwaliwiro m'mbali mwa bwatolo kuti mafunde alibweze. Funde loyamba linalibwezadi. Lachiwiri linaligubuduza.

Lotfi anathamangira injini.

"Dikira, iwe!" anatero Si Mounir. "Tione kaye agwera mbali iti."

Mmene ankafika, pamadzi pankangoyandama zigubu ndi nsapato.

Patapita masiku atatu nyanja inalavulira mitembo pagombe la Si Mounir. Mtembo uliwonse unafuna mapepala akeake.

"Anthu amakani awa," anadandaula Si Mounir akupukusa mutu. "Ngakhale atafa, sakupitabe komwe tawatumiza."